Dzanja la a Lumo

Mwala wa pamphambano uja ndi wakale kuposa tauni yonse, ndipo okonza msewu anachita kuulambalala. Koma mbiri unalibe. Mbuzi zinkausa mumthunzi wake, oledzera ankakodza kuseri kwake, basi.

Mbiri inabwera ndi a Lumo, wometa amene anatsamiritsa kachisakasa kawo ka malata pamwalapo. Kumeta sankakutha, mutu unkatuluka uli zigamba zokhazokha, koma pakamwa anali katswiri. Munthu akakhala pampando, nsalu ili m'khosi, athawira kuti? Pamenepo a Lumo ankayamba kufotokoza zoti kalekale wakuba ng'ombe wina analumbira bodza atagwira mwalawo, dzanja lake n'kufota pomwepo ngati tsamba la fodya. Chaka china wakubayo ankakhala mkazi, chaka china mwana wa mfumu. Anthu a m'tauni muno, poti kuganiza kumawatopetsa, anameza zonse. Aphunzitsi anayamba kubwera ndi ana asukulu. Alendo ankajambulitsa, a Lumo ataima pambali chifuwa chili patsogolo, ngati mwalawo anaubereka okha.

Akazi awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo tsidya la msewu. Zaka zonsezo ankamva nthanoyo ikunenepa, iwo ali chete. Koma mwana wa mayi wina wogulitsa nthochi, amene analibe mwamuna, atayamba kuyenda, tauni yonse inaona makutu ake otambalala. Makutu otero m'tauni muno anali nawo ndi a Lumo okha.

Tsiku lina masana, a Lumo ali mkati mometa mlonda wa kusukulu, akazi awo anawoloka msewu, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Bambo, taikani lumolo pansi," anatero mayiwo. "Gwirani mwala wanuwu munene kuti mwana uja si wanu. Mukatero ndibwerera kukasoka, nkhaniyi sindidzaitchulanso. Mukakana, ndikupita kwathu lero lomwe."

Zinali zosavuta. Mwala unali pamphuno pawo, ndipo wakuba ng'ombe uja anabadwira m'kamwa mwawo momwemo. Koma bodza analinena kambirimbiri mpaka linawalowa m'mafupa. Anayang'ana dzanja lawo lamanja, lomwe linkawadyetsa, ndipo mantha enieni anawagwira. Anthu anali atadzaza kale, poti zoonerera zaulere sasowapo.

"Inunso mayi," a Lumo anaseka kuseka kouma. "Zija n'zocheza chabe. Ndinapeka ndine. Uwu ndi mwala basi."

Anthu anang'ung'udza. Mlonda uja anadzuka pampando, mutu uli wometa mbali imodzi.

"Ndikudziwa, munkapeka ine ndilipo," anayankha mayiwo. "Ndiye poti ndi mwala basi, mukuopanji? Gwirani."

A Lumo anatukula dzanja. Linafika pafupi, kenako analibisa m'thumba la buluku.

Mayiwo sanalire, sanatukwanenso. Anawoloka msewu, anakulunga makina awo osokera m'nsalu, anasenza, ulendo wa kokwerera basi.

A Lumo akadali pomwepo mpaka lero. Amameta zigamba zawo zomwe zija ali duu, ndipo akaweruka amakadziphikira okha. Koma tauni yathu yanzeruyi tsopano imauopa mwalawo kuposa kale. Amati ngati mwini bodza anakana kuugwira, iwe ndiwe yani?