Dzina la a Laban pa Seva

A Laban sanali munthu wokonda kutchuka, koma pakampani yathu yosindikiza mabuku ku Makata panalibe fayilo yopanda dzina lawo. Ine ndine Mildred, ndimakonza ntchito isanapite pa makina: makhadi a ukwati, makalendala, mapulogalamu a maliro. Ndinawapeza ali kale pamenepo, imvi zitayamba.

Agogo awo anachoka ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi ku Thyolo. A Laban anakulira ku Ndirande, ndipo anayamba ndi kukonza mataipilaita pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Mataipilaita atatha fasho, anzawo anapita kukagulitsa kaunjika. Iwo ayi. Anagula kompyuta yakufa, kuimasula, kuimanga, kuimasulanso, mpaka anaidziwa ngati chikhatho chawo. Ndi iwo anakoka mawaya muofesi mwathu n'kukhazika seva pakona, pafupi ndi ketulo. Pa sevapo pali foda imodzi yaikulu imene kompyuta iliyonse imalumikizana nayo ikangoyaka. Makina osindikizira nawo satenga ntchito kwina kulikonse koma m'fodamo.

Abwana athu ndi munthu wabwino, koma mtima wapachala. Fayilo ikafufutika kapena khadi likatuluka ndi tsiku lolakwika, ankathamangira pakompyuta kukaona amene waigwira komaliza. Dzina linkatuluka lomwelo: laban. Ndiye kukalipa kwake, mpaka alonda kugeti ankamva. A Laban ankangovula magalasi n'kumapukuta ndi tayi. "Pepani bwana, ukalamba uwu." Ife tinkangoweramira pansi. Sitinadzifunsepo chifukwa chake kompyuta inkadziwa munthu mmodzi yekha.

Lolemba lina a Laban anagwa pasiteji ya minibasi ku Ginnery Corner, vuto la kuthamanga kwa magazi. Pofika kuchipatala anali atatisiya.

M'mawa mwake a Kingsford, oyendetsa makina, anaseva ntchito yawo n'kuona pambali pake palembedwa kuti laban, tsiku lake lomwelo. Bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake, anadzuka pampando thukuta lili kamukamu. "Abale, malemu akugwirabe ntchito." Abwana anabwera maso ali psuu. Anati dzinalo likuwabaya mtima, munthu apume. Analowa pa seva n'kufufuta akaunti ya a Laban, kenako anatiuza kuti tizimitse makompyuta n'kuyatsanso.

Tsiku lomwelo ndinali ndi ntchito imodzi yokha, pulogalamu ya maliro awo. Lole yonyamula thupi inkanyamuka masana kupita ku Thyolo, ndipo mayi a kunyumba kwawo anali atandipempha okha pasiwa, atandigwira dzanja. Ndinatsegula fayilo, kuika chithunzi, kulemba mbiri yawo. Poti ndiseve, kompyuta inakana, akuti ndilibe chilolezo. Ndinayesa dzina lina, kukana. Kompyuta ya a Kingsford, chimodzimodzi. Ndinaseva pafulashi, koma makina aja fulashi saidziwa. Munthu amene wasindikizira mtauni monse aikidwe opanda ngakhale kapepala? Ndinalira ine, osabisa.

Tinaitana a Rania a ku Limbe, amene amayendera maofesi angapo kukonza netiweki. Anafika pa kabaza wa njinga yamoto, mpango utadzaza fumbi. Sanathamange. Anaona kaye mawaya, ali bwino. Anaona ngati seva yadzaza, malo analipo ambiri.

"Kutsegula mukutsegula, achemwali?" anandifunsa.

"Zonse zikutseguka. Kuseva kokha."

"Ndiye mwalowa ngati alendo. Mlendo amaloledwa kuwerenga, osati kulemba."

Anatsegula pamene kompyuta yanga imasunga dzina lolowera m'foda ija. Panalembedwa laban. Ya a Kingsford, laban. Ya abwana imene, laban. Atayang'ana mafayilo, pamalo pa mwini wake panangotsala nambala yopanda dzina.

"Nonsenu mumalowa ndi dzina la munthu mmodzi," anatero. "Mwalichotsa, seva yakuiwalani nonse. Komatu maakaunti anu alipo, malemuwo anawakonza kalekale, aliyense yake. Sanangowalumikiza. Munthu wodziwa chonchi sangaiwale zimenezi, anachita dala."

Abwana anakoka mpando n'kukhala.

"Ndiye zaka zonsezi ndimakalipira munthu wosalakwa?"

A Kingsford ankayang'ana nsapato zawo.

A Rania anati njira zilipo ziwiri. Yoyenera inali kusamutsa mafayilo onse kuti akhale a gulu lathu, aliyense azilowa ndi dzina lake, koma imeneyo inkafuna nthawi, ndipo lole sikanatidikira. Yachidule inali kubwezeretsa akaunti ija ndi nambala yake yomwe ija. Anayang'ana abwana. Abwana anangogwedeza mutu kuvomereza yachiduleyo, a Rania n'kuibwezeretsa akauntiyo.

Ndinadina kuseva, inalola. Makina anayamba kulira. Tinapinda mapepalawo akadali otentha, tonse ndi abwana omwe, ndipo tinaipeza lole anthu akukwera kale. Mayi aja analandira imodzi, kuyang'ana chithunzicho, n'kuiika pachifuwa mkati mwa chitenje.

Sabata yotsatira a Rania anabweranso kudzakonza zonse mwadongosolo. Masiku ano aliyense amalowa ndi dzina lake, ndipo ukalakwitsa limatuluka ndi lako. Abwana amabwerabe mothamanga, koma akafika amayamba aima kaye. Ndinapempha a Rania chinthu chimodzi, kuti fayilo imodzi asaisinthe, ndipo anaisiya. Ndi pulogalamu ya maliro ija. Pamalo pa mwini wake palembedwabe kuti laban.