Thabwa limodzi pa ngalande ya kusukulu

Chaka chimene ndinakwatira, m'nthawi ya Chitaganya, ndinkagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ya Mmwenye wina pafupi ndi msika wa Lilongwe. Ndinali pachikamwini m'mudzi wa kunja kwa tauni, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga kudzera njira yachidule yodutsa m'bwalo la sukulu ina.

Apongozi anga aakazi ankadzeranso momwemo. Ankalawirira kukasiya mpiru kwa ogulitsa kumsika, ndiye ine popita ndinkakumana nawo akubwerera. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sagundana, sapatsana moni wa m'manja. Koma sizinkavuta. Ndikawaonera patali ndinkatsika njinga n'kuvula chipewa, iwo n'kupatukira m'udzu, kugwada atayang'ana kumbali, ine n'kudutsa.

Kenaka kunabwera anthu a zikhomo ndi zingwe. Akuti madzi a mvula ankalowa m'makalasi, choncho ankakumba ngalande yowatsitsira kumtsinje. Nkhani yabwino ndithu. Koma amene anajambula ngalandeyo papepala ayenera kuti anabadwira m'galimoto. Inadula njira yathu pakati, kuya kwake kupitirira m'chiuno. Dothi lonse analiunjika kumbali kumene kunali udzu wopatukiramo, poti analetsedwa kukwirira maluwa a ahedi, ndipo maluwawo anawatchinga ndi waya waminga. Kunatsala kampata ka munthu mmodzi, ndi thabwa limodzi lowolokerapo.

Ndinamudandaulira kapitawo wa okumbawo. "Akuluakulu, bwanji osaika matabwa awiri?"

"Thabwalo n'lodutsira wilibala yathu, achimwene," anatero. "Papepala palibe njira pano. Muzithokoza."

Kuyambira pamenepo m'mawa wanga unasanduka chilango. Ndikafika tsidya lino, apongozi ali tsidya linalo. Ine ndinkabwerera m'mbuyo kuti awoloke. Iwo, ulemu womwewo, ankabwereranso m'mbuyo kuti ndiwoloke ineyo. Tinkangoima choncho, aliyense atayang'ana kwake, anthu a nkhuni akutukwana kumbuyo kwanga, okumba aja atatsamira mapiki awo akufa ndi phwete. Ndinayesa kulawirira, iwonso tsiku limenelo malonda anayenda msanga, tinakumananso pathabwa pomwepo. Ndinayesa kuzungulira kumsewu waukulu, ndinachedwa koposa. Ndinkapsa mtima osadziwa woti ndimupsere.

Bwana wanga sanali munthu woipa, koma za thabwa sankafuna kumva. Nditachedwa kachitatu anandiuza mosapsatira. "Mawa ukapeza nditatsegula kale chitseko, usalowe. Pakhomopa pamabwera anthu tsiku lililonse kufuna ntchito." Mkazi wanga anali woyembekezera. Mkamwini wopanda ntchito m'mudzi wa eni, ndani sadziwa mmene amamuonera?

Mawa lakelo kunacha ndi mvula. Dothi lofiira lija linasanduka phala, linadzaza m'magudumu mpaka njinga inakana kuyenda. Ndinainyamula paphewa. Nditafika pangalande, madzi anali kuthamanga, ndipo apongozi anali ataponda kale thabwa, dengu lili pamutu. Anandiona, anayamba kubwerera chafutambuyo pang'onopang'ono. Belu la sukulu linalira. Ndinadziwa kuti bwana akutulutsa makiyi.

Sindinadikire kuti afike kumtunda. Ndinakwera thabwalo, maso pansi, ndikuganiza kuti pofika ine pakati iwo akhala atachoka. Koma thabwa linanjenjemera ndi kulemera kwanga, gudumu lakutsogolo linangotsala pang'ono kukhudza nsalu yawo. Kusiyana ndi kugundana ndi mkamwini, iwo anaponda pambali. Pambali panalibe kanthu. Anagwera m'madzi ofiira aja, dengu n'kutengedwa.

Ndinaponya njinga tsidya, ndinagwada, ndinatambasula dzanja. Ulemu wonse ndinali nditauiwala. Iwo anali asanauiwale. Anaimirira m'madzi ofika m'chiuno, matope mpaka kumpango, nkhope atatembenuzira kukhoma la ngalande, manja atawapinda pachifuwa. Okumba aja anasiya kuseka. Mayi wina wa nkhuni anatula mtolo wake n'kundikankha.

"Chokanipo apa, bambo inu! Mukufuna aime m'madzimo mpaka liti? Satuluka inu mukuona."

Ndinati pepani, koma pepani sapoletsa chilonda. Ndinatola njinga yanga n'kumapita. Kusitolo ndinapeza bwana akulimbana ndi loko, ndipo anandiyamikira kuti ndayamba kumva.

Madzulo mkazi wanga sanandikalipire, chikhala anatero mwina mtima ukanatsika. Anangondiikira madzi osamba n'kunena ali chiimire, "Amayi akuti musavutikenso. Za mpiru asiya. Akuti njirayo ndi ya anthu apantchito."