Mpanda wa Nyemba wa Mirtisi

Ku Kirotoni kunalibe munthu wosadziwa nyemba za Mirtisi. Anakulira m'munda wa nyemba, anakwatiwira momwemo, ndipo mwamuna wake atamira panyanja, nyemba zomwezo ndizo zinamulerera mwana wake mmodzi yekhayo, Alikimo.

Ndevu zitangoyamba kumera, mnyamatayo anatola nzeru. Anakazitola kumtunda kwa mzinda, kwa amuna ovala zoyera amene ankaphunzitsa kuti chilichonse padziko ndi manambala, kuti munthu akafa mzimu wake umasamukira mwa galu kapena nsomba, ndiponso kuti wanzeru sadya nyemba, sazikhudza, saponda n'komwe m'munda mwake.

"Mwamva, alamu?" anatero Mirtisi kwa Telesoni, mng'ono wa malemu mwamuna wake. "Thupi lonse lija ndi nyemba zokhazokha, lero akuti nyemba n'zodetsa."

"Musiyeni, alamu. Mwina waona agogo ake mumphika."

"Agogo akewo ankazidya mpaka kunyambita mbale."

Azoyera aja ankabwera mamawa kudzamutenga mnyamatayo pakhomo penipeni. Mirtisi anawayang'ana, nkuti mumtima: oopa nyemba, mpanda wawo ndi nyemba. Mvula yoyamba itagwa anagaula bwalo lonse ndi kanjira komwe, nkubzala kuzungulira nyumba osasiya poponda phazi. Koma mbewu zinamera Alikimo ali kumtunda kuja, kumene anakalumbira kukhala chete zaka zingapo monga amachitira ophunzira atsopano. Pobwerera anapeza nyumba ya amake ili pakati pa nyemba. Anaima m'malire. Mpanda unagwiradi ntchito, kungoti unatsekera kunja mwana wa mwini nyumba.

"Lowa, iwe," anatero Mirtisi. "Zikuluma?"

Alikimo duu.

"Nzerutu zimenezo, alamu," anatero Telesoni. "Chibadwire, lero ndiye sanayankhule zopusa."

Mirtisi analumbira pali milungu yonse ya m'minda kuti sazula ngakhale imodzi. Mwana amene anatuluka m'mimba mwake angagonje kwa ndiwo? Alikimo naye mutu unali womwewo wa amake. Dzuwa likapendeka ankabwera, nkuima m'malire muja, kuyang'ana utsi wa kwawo, nkubwerera. Mzinda wonse unkadutsa dala pamenepo kudzaona mayi akukalipira munthu wosayankha, ndipo ambiri ankati sanamvepo mkangano wa anzeru womveka bwino chotero.

Nyemba zinachita maluwa nthawi ya mphepo yozizira yochokera kumapiri. Tsiku lina Mirtisi ali pakati pa chipongwe chake anamva mwanayo akutsokomola, chifuwa chouma ngati chimene chinkamugwira ali wakhanda. Alikimo ankayesa kuchimeza, kuopa kuti mwina nachonso n'kuyankhula. Chovala chake choyera chinali chitamukulira ndi kuwonda.

Mirtisi anawerama. Anazula tchire la maluwa kuyambira pakhomo mpaka pamapazi a mwanayo, akutukwana manambala onse amene ankawadziwa. Kanjirako kanali kopapatiza, koti munthu wamimba ngati aphunzitsi aja sangadutse.

"Nanga lumbiro lija?" anafunsa Telesoni.

"Milungu ilinso ndi ana. Chokani panjira, alamu."

Alikimo analowa akupinda chovala kuti chisakhudze tsamba. Amake anamukhazika pafupi ndi moto, nkumupatsa phala lotentha la balere, ndipo mnyamatayo anadya mbale yonse osatukula mutu. Phalalo amake analiphikira mumphika wa nyemba, poti wina analibe, koma naye Mirtisi anali ataphunzirako kukhala chete.