A Tayub ndi mashelefu a eni

A Tayub anabadwira kuseri kwa sitolo ya bambo awo ku Balaka, ndipo anadziwa kuyeza mchere asanadziwe kulemba dzina lawo. Atabwera ku Leicester ali mnyamata, anagwira ntchito m'fakitale ya masokosi mpaka anatsegula kasitolo kawo pa Evington Road. Anaima pakauntala yomweyo mpaka imvi zinadzaza mutu. Kenako makasitomala anayamba kugula zinthu pafoni, mawondo nawonso anayamba kukana, sitolo n'kutsekedwa. Masiku ano pamalopo pali ometa tsitsi.

Penshoni ya munthu amene anadzilemba yekha ntchito zaka zambiri sichedwa kutha, makamaka kukazizira, gasi akamadya nawo. Tsiku lina akazi awo, a Dilshad, anatsegula kabati n'kuwaitana kuti adzaone okha. Munali masamba a tiyi ndi kampunga kotsalira pansi pa paketi.

"Mupite ku fudi banki," anatero a Dilshad. "Amapereka chakudya kwa amene zawavuta. Ife zativuta."

A Tayub sanatsutse. Anangosankha yakutali, ya m'holo ya tchalitchi china ku Beaumont Leys, kumene sakanakumana ndi aliyense wakumzikiti kwawo. Lachinayi anavala jekete lawo labwino, anapinda chikwama n'kuchibisa m'thumba, nakwera basi.

M'holomo anawauza kuti akhale pampando adikire. Mpandowo unali moyang'anizana ndi mashelefu. Apa ndi pamene anaona sopo atasanjikizidwa pamwamba pa shuga, ndi zitini za tomato zitafulatira anthu. Anayang'ana kumbali. Anayang'ana nsapato zawo. Kenako anadzuka, nachotsa sopo uja. Poti anali ataimirira kale, anatembenuzanso zitini zija.

Mzungu wina wachikulire, mayi amene ankayang'anira malowo, anawapeza atafika pashelefu ya supageti. Anawathokoza kwambiri, nawaveka epuloni, n'kuwaonetsa pamene pamakhala ketulo ya anthu odzipereka. A Tayub anafuna kufotokoza, koma kumbuyo kwa mayiyo kunali munthu wofuna mkaka, ndiye anapita kukamupatsa mkaka. Madzulo anabwerera kunyumba chikwama chili chipindire.

"Kunali anthu ambiri," anauza akazi awo. Silinali bodza.

Lachinayi lotsatira anafika molawirira, atatsimikiza mtima kuti anena. Anapeza epuloni yawo ili kale pamsomali, atailemba dzina. Pasanathe mwezi anthu anayamba kusankha kuima patebulo lawo, chifukwa ankafunsa aliyense kuti "Chinanso?" ngati wabwera ndi chikwama chodzaza ndalama, ndipo ana ankawaponyera bisiketi ya basela. Kunyumba ankadya zimene mchemwali wa a Dilshad ankabweretsa akumanamizira kuti waphika zambiri.

Pakati pa othandizawo panali Anganile, mayi wa ku Karonga amene amasamalira okalamba ndipo amabwera kuholoko akakhala pa ofu. Tsiku lina akulongedza chikwama, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Mazira pansi, mbatata pamwamba. Koma anthu awa."

Anganile anatembenuka, naona kuti ndi a Tayub. "Bambo, mwati bwanji?"

"Ndati mazira aphwanyika."

"Chichewachi munachitola kuti?"

"Sindinatole, mwana wanga. Ndinabadwa nacho."

Kuyambira pamenepo ankacheza za njanji ya ku Balaka ndi za anthu osadziwa kulongedza. Za kabati yakunyumba sanachezepo.

Ndiye Lachinayi lina a Dilshad anatulukira okha. Anakhala pampando, anadikira ngati wina aliyense, mpaka anafika patebulo la amuna awo. A Tayub anawayang'ana, nayang'ananso anthu amene anali pamzere.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Mpunga, mafuta ophikira, ndi mwamuna wanga amene ndinamutuma kuno mwezi watha."

Analankhula m'Chichewa kuti azungu asamve. Azungu sanamvedi. Anamva ndi Anganile, amene anali pafupi atanyamula bokosi la buledi. Analiika pansi, natenga chikwama cha a Dilshad n'kuyamba kulongedzamo.

"Bambo," anatero osawayang'ana, "theka la ovala maepuloni muno amatuluka ndi chikwama. Inenso chaka changa choyamba ndinadya nyemba za muno mpaka ndinazida."

A Tayub anatulutsa chitini chimodzi m'chikwamamo, nachiwerenga atachitalikitsa ndi maso.

"Umu muli nkhumba."

Anganile anachisinthitsa ndi cha nsomba. A Dilshad anathokoza, nakakhala pakhomo kudikira amuna awo, amene sanachoke mpaka atasesa m'holomo. Popita kokwerera basi chikwama ananyamula ndi a Tayub, akazi awo ali patsogolo.

Mpaka lero amapitabe Lachinayi lililonse. Akamavula epuloni amapeza chikwama chodzaza pansi pa jekete lawo, ndipo palibe amene amatchulapo kanthu. Mwezi uno apempha kuti azisunga makiyi a holo, poti otsegula amachedwa. Abusa a patchalitchipo ati aganizira.