Chaka Chimene Majuzi Sanachapidwe

Mayi Huldah Tegtmeier anabadwira kumudzi, pakati pa minda ya chimanga ya kuno ku Iowa. Anasamukira m'tauni yathu ya Marl Creek amuna awo atamwalira, ali ndi mphika waukulu wowiritsira zovala ndi mwana mmodzi, Orrin. Nyumba yawo ndi yanga zinkalekana ndi mpanda. Ntchito yawo inali yochapa majuzi aubweya a timu ya pakoleji yathu ya mpira wa ku America, uja amathamanga nawo m'manja. Chingwe chawo chikalemera ndi majuzi ofiira, tinkadziwa kuti chilimwe chapita.

Mu 1934, chaka cha chilala, Orrin anali atalowa koleji, akusewera kutsogolo kumene anyamata amagundana ngati nkhunzi. Sabata yoyamba ya masewero chitsime cha Mayi Huldah chinaphwa, majuzi osachapidwa. Anyamata anasewera atavala akuda omwewo, napambana.

Madzi atabwerera, mayiwo anapita kukoleji ndi dengu. Kochi wa timuyo, Bambo Pruitt, anawaimitsa pakhomo.

"Mayi, anyamata apangana. Juzi isakhudze madzi mpaka tsiku limene tidzagonje."

"Ndiye ndizipemphera kuti mugonje?"

"Musatilodze, mayi."

"Zokulodzani ndi mphuno za anthu, osati ine."

Sanagonje. Masamba anafiira, nayoyoka. Kachimanga kamene kanapulumuka kanakololedwa. Atsekwe anadutsa m'mwamba kulowera kummwera. Majuzi aja anauma gwa ndi matope, thukuta ndi magazi, moti akavulidwa ankaima okha. Timu ikakwera sitima, anthu ankasamukira m'bogi ina. Koma m'tauni ankanyadira. Kometetsera tsitsi ankati limenelo ndiye fungo la chikho.

Mayi Huldah ankandidandaulira pampanda, manja ali m'chiuno.

"Aneba, tauni yonse yapenga ndi nsanza. Ngakhale nkhumba za bambo anga zinkasamba mvula ikagwa."

Mu Novembala, chisanu chitayamba kuyera pa udzu m'mawa, Orrin anabwera kudzadya nkhomaliro Lamulungu. Ndinalipo. Anakhala kunsonga kwa mpando, osatsamira.

"Vula shati," anatero amayi ake.

"Ndi mikwingwirima chabe, amayi."

"Iwe, ndinakubala ndine. Vula."

Msana wonse unali zithupsa, mpaka m'khosi. Chimodzi chinali ngati dzira la nkhunda, chikutuluka mafinya. Mayi Huldah anazitsuka ndi madzi amchere. Atamaliza anafunsa kuti, "Ndiye chisanza chija ukachivalanso pa zilondazi?"

"Kwatsala masewero amodzi okha, a chikho. Mukachapa ife n'kugonja, buledi muzikagula kwa ndani m'tauni muno?"

"Buledi ndiziphika ndekha. Msana wina ndiye sindingakuphikire."

Lachisanu m'mawa, anyamata ali m'kalasi, mayiwo anatenga foloko yotapira udzu, nalowa m'chipinda chovalira cha timu kukoleji. Anatokosa juzi ya Orrin pamsomali, natuluka nayo ili kunsonga kwa foloko. Sanazembe. Anayenda pakati pa msewu waukulu dzuwa lili gee, ogulitsa m'masitolo ataima m'makomo kukamwa kuli yasa. Ubweya sawiritsa, iwo ankadziwa bwino lomwe, koma anaiwiritsa ndi sopo wamphamvu mpaka madzi anasiya kuda.

Loweruka kunagwa chipale chofewa choyamba cha chaka. Anyamata anatuluka m'bwalo ali bii ngati nthaka yolima, kupatula Orrin. Juzi yake inali psuu, itafota, yolekeza pamchombo, manja ake m'zigongono. Pabenchi pamene tinakhala, anthu anasuntha n'kutisiyira malo okwanira ngolo.

"Mwatipha, mayi wa sopo," anatero bambo wina kumbuyo.

"Khalani pansi, achimwene, mukutchingira ana," anayankha osacheuka.

Za mpira ine sindidziwa zambiri. Ndinkangoyang'ana zala za Mayi Huldah zikufinya chogwirira cha chikwama chawo. Kutatsala pang'ono kutha, Orrin anaboola mzere wa adani, wina anamugwira juzi koma dzanja linaterereka, analibe pogwira poti inali yothina. Mnzake anadutsa pampatapo ndi mpira m'khwapa mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kugoletsa. Chikho chinabwera ku Marl Creek. Zithupsa zinauma Khirisimasi isanafike.

Ndinkaganiza kuti anthu aphunzirapo. Chaka chotsatira, ngaiyaye za chimanga zitayamba kuuma, Bambo Pruitt anafika pakhomo pa Mayi Huldah chipewa chili m'manja.

"Mayi, anyamata apangananso. Majuzi asachapidwe chaka chonse. Koma Lachisanu lomaliza muzidzatenga imodzi pa foloko, kudutsa nayo mumsewu monga muja, n'kuiwiritsa."

Mayi Huldah anagwira m'chiuno.

"Bambo, mubweretse onse Lolemba lililonse. Apo ayi, kafuneni mayi wina wa foloko."

Bambo Pruitt anabweretsa imodzi.