Zilombo Zikuopa Getsi

Shedi ya thonje itamangidwa m'mbali mwa msewu wochokera pa boma la Chadiza kulowera ku Zemba, ine ndinali m'gulu la oomba m'manja. Ndinali nditangobwerera kwathu ukwati utatha ku Chipata, ndipo chilichonse chonunkhira tauni chinkandikomera. Kampani yogula thonje inakoka mawaya kuchokera pa boma, inazika mtengo wachitsulo wautali, n'kupachikapo getsi lolondera mabelo a thonje. Madzulo oyamba kuliyatsa mudzi wonse unakhamukira komweko. Mvula itagwa, ana ankadzaza mabeseni ndi inswa pansi pa getsilo. Atambala anasokonezeka mitu, ankangolira nthawi iliyonse imene afuna. Tinati chitukuko chatipeza, osakumbuka kuti walira mvula walira matope.

Getsilo silinkaunika shedi yokha. Linkamwaza kuwala mbali zonse, ndipo kuseri kwa shediyo, ukangodumpha kakhwawa, kunali msitu wa manda athu. Mumsitumo ndimo munali dambwe, malo amene zilombo za gule wamkulu zimatulukira, kosafika mkazi kapena mwamuna wosalowa gule. Msitu umene kale unkati bii ukangolowa dzuwa, tsopano unkaoneka mtengo uliwonse pawokhapawokha.

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anali mmodzi wa akuluakulu a kudambwe. Amayi ndi ine tinali Akatolika, koma iwo m'tchalitchi sanapondemo. Akatekisiti anawauza poyera kuti akadzafa asayembekeze kwaya. Iwo anangoseka.

"Musavutike, aphunzitsi. Ine ndili nawo ondiperekeza."

Ankanena kasiyamaliro, chilombo chachikulu chamsana wokhota chija, chimene chimatuluka mumdima kudzavina pakhomo pa mkulu amene wamwalira. Anali ataperekeza nacho anzawo ambiri. Bokosi lamatabwa sankalifuna, ng'ombe yophera olira analibe. Chimene ankafuna pa dziko lino chinali chimodzi, kuti tsiku lawo likadzafika chilombocho chidzafike pakhomo pawo. Ndipo tsikulo silinali patali. Chifuwa chimene anabwera nacho kumigodi chinali chitawadya, moti malaya awo ankaoneka ngati obwereka.

Anayamba apita kwa kapitawo wa pashedi. Kapitawoyo anati getsi ndi la mabwana ake a ku Chipata, ndipo chilolezo chinachokera pa boma, akadandaule kumeneko. Atsibweni anandipempha kuti ndiwaperekeze, poti ndine amene ndinaponda sukulu ndipo maofesi sindinkawaopa. Kupalasa sankathanso, choncho ndinawakweza pakaliyala ya njinga. Anali opepuka ngati thumba la thonje, ndipo njira yonse mtima unkandipweteka pomva kupepukako.

Tili pafupi kufika anandigwira paphewa kuti ndiime.

"Mayi, kumeneko usakatchule gule. Wamva?"

"Nanga akamva bwanji chimene tabwerera?"

"Ukangotchula, mawa apolisi ali kudambwe. Ndikalankhula ndekha. Iwe ukangokhala."

Sankanama. Zaka zimenezo a boma ankamuyang'ana gule ndi diso lofiira, chifukwa m'midzi ina zilombo zinkathamangitsa ana a sukulu, ndipo kunkamveka mphekesera zoti madambwe ena adzatenthedwa.

Anatilozera ofesi ina yoyang'anira za misika ndi mashedi. Tinapezamo kalaliki wamkazi, mtsikana wokulira ku Lusaka, ndipo ndisamunamizire, anali waulemu. Anawapatsa atsibweni mpando wake womwe. Chingerezi changa sichinagwire ntchito, poti iye ankalankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Ndabwera kudzapempha lamulo," anatero atsibweni, chipewa chili pamaondo. "Getsi la pashedi lija alivindikire pamwamba, liziyang'ana pansi pomwe pali katundu wawo. Zikakanika, pakagwa maliro azilizimitsa usiku umodzi wokha."

Mtsikanayo anatiwerengera malamulo amene analipo. Linalipo la mbuzi zolowa mumsika, la zimbudzi, la phokoso la m'mabala, ngakhale la otcheza kachasu. La kuwala panalibe.

"Atate, kuno anthu abwela kudandaula mudima. Imwe ndimwe oyamba kudandaula laiti. Manje ikuchitani chani?"

Atsibweni anayang'ana pansi. Ndinawamvera chisoni, chifukwa pakamwa pawo panali potsekedwa pawiri. Gule sakanamutchula, komanso munthu wa kudambwe sangauze mkazi chifukwa chimene chilombo chimafunira mdima. Anafunafuna mawu, n'kupeza okhawo amene mwambo unkawalola.

"Zilombo zathu zikuopa, mayi. Sizingatuluke poyera chonchija."

"Vilombo? Vili pafupi na munzi?"

"Zili kumanda, kuseri kwa shedi komweko."

"Ni vambili?"

"Zambiri. Zina zikuluzikulu."

Nkhope ya mtsikanayo inasintha, ndipo ndinaona kuti m'mutu mwake mwadzaza afisi. Kwathu ukati chilombo, ngakhale mwana amayamba wafunsa ngati ndi cham'tchire kapena cham'bwalo. Iye ankadziwa chimodzi chokha. Ndinafuna kumumasulira, koma ndikanati chiyani? Kunena kuti si afisi ayi, ndi anthu, kukanakhala kuwavula atsibweni pakati pa ofesi. Mkazi wa kwathu amatha kuzindikira chala cha mwamuna wake chilombo chikuvina, koma amafa nacho chinsinsicho. Ndinangoti, "Si zoluma ayi," ndipo mtsikanayo anandiyang'ana ngati ndikuwalimbitsa mtima agogo. Analonjeza kuti auza a kampani msanga.

Pobwerera atsibweni ankaimba chapansipansi kumbuyo kwanga. "Mwana uja ngwakumva," ankatero. Ine ndinkangopalasa.

Mwezi usanathe lole ya kampani inabwera ndi mtengo wina wachitsulo. Anauzika kuseri kwa shedi, getsi lake lalikulu kuposa loyamba, atalilozetsa ndendende kumanda. Kapitawo ankauza aliyense monyadira kuti a boma achenjeza za zilombo zoopsa zimene zingagwire mlonda, ndipo mabwana sanachedwe kuchitapo kanthu. Mpaka lero ndikakumbuka kunyada kwakeko ndimapsa mtima. Chikhalire cha mudzi wathu, palibe pempho limene linayankhidwapo msanga ngati limenelo. Mjigo tinaupempha mpaka kutopa.

Atsibweni anatulutsa mphasa panja madzulo amenewo, n'kuliyang'ana getsi latsopanolo likuyaka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ndinawauza kuti ndibwererako ndekha, ndikafotokoze bwino.

"Usapite, mayi. Ukapitanso abweretsa lachitatu."

Anyamata ena analiswa getsi latsopanolo ndi legeni. Apolisi anabwera, anatenga amene anawapeza pafupi, ndipo getsi linabwerera litavekedwa chikhola chawaya. Ena anati dambwe lisamuke, koma akuluakulu anakana, chifukwa chilombo chimachokera kumene kwagona makolo, ndipo manda sasamuka. Choncho gule wamasana ankachitikabe apa ndi apo, koma zilombo zausiku zinasiya kutuluka.

Chiyembekezo chimene chinawatsalira atsibweni chinali kuzima kwa magetsi, poti masiku amenewo ankangozimazima. Atalephera kudzuka, madzulo aliwonse ndikawabweretsera phala ankandifunsa funso limodzi.

"Layaka?"

Ndikati layaka, ankatembenukira kukhoma. Ndikati lero kulibe, nkhope inkawala, phala n'kumwa lonse.

"Lero ndiye linali tsiku labwino lofera," ankatero, "koma thupili ndi lamakani."

Amayi ankawakalipira kuti asamalankhule zamalodza, kenaka n'kutuluka kukalirira kuseri kwa nkhokwe. Anayesa kuwanyengerera kuti abatizidwe, kuti mwina apeze owaimbira. Atsibweni anawagwira dzanja n'kuwauza kuti, "Mlongo wanga, ukufuna ndikafike kwa anthu osandidziwa?" Amayi sanabwerezenso.

Atsibweni anamwalira m'nyengo yozizira, shedi itadzaza mabelo mpaka kudenga. Dzuwa litalowa tonse tinayang'ana kumsewu, ndipo magetsi onse awiri anayaka. Akuluakulu anapita kwa mlonda, mwana wa m'mudzi mwathu momwemo, amenenso analowa kudambwe pa dzanja la atsibweni. Mlondayo anawagwadira misozi ili chuchuchu. Swichi inali m'kaofesi kokhoma, ndipo kiyi anali atapita naye kapitawo ku Chipata. Akatekisiti nawo anafika, anawapepesa amayi monga mkhristu mnzawo, anakhala pang'ono, n'kunyamuka osapemphera.

Ng'oma zinayamba. Ife akazi tinakhala pabwalo tikuimba ndi kuomba m'manja, ine ndemwe wa korona m'khosi ndili pakati pawo, ndipo sindinachite manyazi. Tinkaimba maso ali pa magetsi, kudikira kuti mwina azima monga ankachitira masiku ena onse. Sanaphethire n'komwe. Mawu anayamba kutisasa, ana anagona pamiyendo ya amawo, nkhuni zinatha. Chakum'bandakucha akuluakulu anaona kuti akadikirabe kuwachera, ndipo anaganiza zoyesa.

Kasiyamaliro anatuluka m'mitengo. Ndinali nditamuonapo ndili mwana, chinthu chakuda chachikulu chikuyandama mumdima, ndipo nthawi imeneyo ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Tsopano getsi linali kumbuyo kwake, ndipo kuwala kunapyola makoko a chimanga amene anamulukira. Zonse zinaoneka, nsungwi zopinda, zingwe, ndi anthu owerama m'kati mwake akusuntha miyendo mosamala. Ndikudziwa kuti mkazi salemba zimenezi. Koma si ine ndinaziulula.

Kamtsikana kena kamene kanali pambali panga kanadzuka, kanatikita m'maso, n'kuloza.

"Amayi, taonani atate ali m'kati umo."

Sikanakuwe, koma aliyense anamva. Mayi wake anakatseka pakamwa mochedwa. Mkazi wina wachikulire anakoka chitenje n'kudzifunditsa kumutu, ndipo tonse tinachita chimodzimodzi, kufunditsanso ana, kuti mdima umene boma linalibe lamulo lake tiupange tokha. Tinapitiriza kuimba m'kati mwa zitenje. Koma ng'oma zinayamba kufooka, ina inaleka, inzake n'kutsatira. Nditasuzumira, chilombo chinali chitaima pakakhwawa paja. Chinaima kanthawi, chinatembenuka, n'kubwerera kumsitu. Pakhomo pa atsibweni sichinafike, ndipo m'mudzi mwathu sichinatulukenso, ngakhale pamene kampani ija inadzachoka patapita zaka n'kusiya mitengo yake ikuchita dzimbiri. Odziwa kuchiluka anali atatha.

Atsibweni tinawaika masana a tsiku lomwelo. Panalibe kwaya, ndipo oimba ng'oma, manyazi atawagwira, sanabwere nazo. Ankamveka ndi makasu okha. Anthu anabalalika msanga, aliyense akupewa maso a mnzake.

Pobwerera ndinawagwira mkono amayi. Tinayenda mpaka pamsewu. Pamenepo anaima, n'kucheukira kumsitu.

"Ndiye achimwene apita okha?"

Ndinawakonzera mpango umene unkagwa, ndipo tinawoloka msewu.