Atsibweni ndi mzere woyera wa pa Chinakanaka

Amene anandilakwira ndi atsibweni anga enieni, alongo awo a mayi. Anandikakamiza kudumpha mzere woyera pamsewu, koma apolisi atatiimitsa, mlandu wonse anaukankhira kwa ine.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma za pamsewu ndinaziphunzira ndi mtima wonse. Laisensi ndinaipeza nditathyola tiyi zaka ziwiri. Ndinkadziwa kuti mzere wodukaduka umakulola kupitirira galimoto imene ili kutsogolo kwako, koma wosadukiza, ngakhale tayala lisauponde. Ndiye atsibweni ananditenga kuti ndiziwayendetsera pikapu yawo yonyamula zinanazi.

Tsiku limenelo tinkathamangira msika wa pa Nkando. Titangodutsa Chinakanaka tinapeza thirakitala yodzaza tiyi ikukwawa pachitunda, mzere uli wosadukiza mpaka kukakhota. Atsibweni anayamba kumenya chitseko ndi chikhatho, ati ogula a ku Limbe satidikira, ati ndikuyendetsa ngati ndanyamula maliro. Ndinawalozera mzerewo. Minibasi yochokera kutsogolo inatiphethirira magetsi, kutichenjeza kuti apolisi ali pafupi, ndipo atsibweni nawonso anaona.

"Galimotoyi ndinagula ndi ine kapena mzerewo? Pita, iwe."

Ndinapita. Sitinafike patali, mkono wa wapolisi wa malaya oyera unali utakwezedwa kale.

Wapolisiyo anali mayi wofatsa. Anandifunsa ngati ndimadziwa tanthauzo la mzere umene ndadumphawo. Ndisanatsegule pakamwa, atsibweni anatsika akupukusa mutu, n'kumuuza kuti akhala akundiletsa njira yonse koma ana a masiku ano samva. Anafika pomuthokoza kuti wawathandiza kundilanga.

Kwathu atsibweni suwatsutsa pamaso pa alendo. Ndi amene amakakuimira pa ukwati, ndi amene amakulankhulira pa milandu. Ine amene ndinathyolapo dzino la kondakitala chifukwa chonditchula mbuzi, ndinangoti zii. Laisensi wapolisiyo anaitenga, ati ndikaione ndikalipira chindapusa. Atsibweni analanda makiyi n'kuyendetsa okha, ine anandikhazika kumbuyo, zinanazi zikundibaya mpaka pa Nkando.

Patapita masiku atatu atsibweni anabwera kunyumba. Mayi anawapatsa mpando pakhonde, mayiwo n'kukhala pamkeka. Atsibweni anafotokoza nkhani yonse mmene anamuuzira wapolisi uja, osasintha ngakhale pamodzi. Kenako anati iwo ndi munthu wachifundo: chindapusa alipira, makiyi andibwezera, bola ndigwade pamaso pa mlongo wawo, ndivomere kuti sindinawamvere.

Mayi anandiyang'ana. Maso awo anandiuza zonse. Popanda laisensi, kunali kubwerera kumunda wa tiyi, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno.

Ndinagwada. Bondo limodzi linafikadi pansi. Ndinkati ndingotafuna mawu awiri zithe, koma atsibweni anawerama, akumwetulira, n'kunena kuti ndilankhule mokweza kuti nawonso aneba amve. Mayi anandigwira mwendo wa buluku kuti ndisadzuke, koma ine n'kudzuka choncho, dzanja lawo lili pomwepo.

"Atsibweni, munanama kwa apolisi ine ndili chete. Lero mukunamiza mlongo wanu pakhomo pake. Laisensiyo ndikaiwombola ndekha. Makiyi anuwo pitani nawo, ine bodza sindiligwadira."